Miyezi 14 ndi matewera ochapa: ndalama zija zinabwerera liti?

Mwana wanga wakwanitsa miyezi 14, ndipo kuyambira sabata yake yachitatu wakhala akuvala matewera ochapa masana onse. Ndinagula 24, a mabatani aja okhala ndi thumba lolowetsamo nsalu zomwa mkodzo. Tsiku logula mtima unandiwawa, chifukwa ndalama zimene ndinatulutsa kamodzi n'kamodzi zikanakwana matewera otaya a miyezi inayi. Bambo ake anangondiyang'ana, kukamwa kuli chete.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi kuwerengera. Khanda limasinthidwa ka 8 mpaka ka 12 patsiku masabata oyambirira, kenako limatsika kufika ka 6 kapena 7. Pakutha chaka, ndi matewera otaya oposa 2,000, lililonse lovalidwa kamodzi n'kupita m'bini. Komanso mwana akamakula mumakwera saizi, ndipo paketi ya saizi yaikulu mumakhala matewera ochepa. Ochapa anga ndi omwe aja, ndimangosuntha mabatani.

Koma kuwerengera kwanga kunali ndi mabowo. Sopo sindinamuike m'masamu monga momwe anayenera. Ndimachapa pa masiku awiri aliwonse, ndipo ndimachapa kawiri: kutsukuluza kaye, kenako kuchapa kwenikweni ndi madzi otentha. Sopo amene kale ankatha mwezi tsopano sakwanitsa. Madzi nawo, ndi moto wotenthetsera, zonsezi zimadya pang'onopang'ono ngati chiswe, simuziona tsiku limodzi. Nditaziphatikiza, ndalama zanga sizinabwerere pa mwezi wachinayi monga ndinkadzinamizira, koma chakumapeto kwa mwezi wa 6.

China chinali kupusa kwanga. Ndinathira mankhwala ofewetsa zovala kuti nsalu zizinunkhira bwino, osadziwa kuti amasiya mafuta pa ulusi. Mkodzo unayamba kungotsetsereka n'kutulukira m'ntchafu. Ndinatha sabata ndikuchapa mobwerezabwereza kuti nsalu ziyambenso kumwa, ndipo sabata imeneyo ndinagula paketi ya otaya imene sinali m'bajeti.

Nanga akhalitsa bwanji? Chikuto chakunja chosalowa madzi chidakali bwino pa onse 24. Lastiki ya m'miyendo inatamuka pa asanu, ndinasoka ina ndekha madzulo amodzi. Nsalu zolowetsa m'thumba za microfiber (ulusi wopyapyala wopangidwa ndi pulasitiki) zimauma msanga, koma pofika mwezi wa 10 zinayamba kudontha mwana akakhala pansi, ngati siponji yofinyidwa. Za ulusi wa nsungwi ndi za thonje zimasunga mkodzo bwino kwambiri, kungoti zimachedwa kuuma, makamaka kukachita mitambo masiku awiri otsatizana. Ndinagula zina 10 kuti ndisamasowe chomuveka. Ndikanayamba lero, za microfiber sindikanaziyang'ana n'komwe.

Usiku ndinagonja kalekale. Otaya ali ndi kaufa kotchedwa sodium polyacrylate kamene kamasanduka phala kakamwa madzi, ndipo nsalu singapikisane nako pa maola 10 ogona. Ndinayesa kulowetsa nsalu zitatu m'thewera limodzi, mwana anaoneka ngati wakhalira pilo, m'mawa bedi lonyowabe. Tsopano ndimagula otaya pafupifupi 30 pamwezi a usiku, ndi ochepa a paulendo.

Pali mtengo umodzi umene sindinaupeze pouika m'kabuku kanga: nthawi. Kuchotsa chimbudzi mwana atayamba kudya zolimba si ntchito yosangalatsa, ndipo kuyanika, kuanula ndi kulowetsa nsalu m'matumba kumanditengera ola lathunthu. Amene amachoka m'mawa n'kubwera usiku, kapena amene madzi amawapeza movutikira, sindingawanene akasankha otaya.

Kwa ine, kuyambira mwezi wa 7 zimene ndimawononga pa sopo, madzi ndi otaya a usiku sizifika theka la zimene ndikanawononga pa otaya okhaokha. Nsalu za microfiber zija tsopano ndi zokolopera, ndipo matewera 24 aja, akadzasiya uyu, akudikira mng'ono wake.