Launch Control XL patapita miyezi: ma knob 24 aja ndikuwapotokolabe

Amene mukuganiza zogula kontrola ya ma knob (kachipangizo ka timabatani topotokola tosinthira saundi ya nyimbo mu kompyuta), makamaka inu a mapulogalamu opangira nyimbo a FL Studio ndi Ableton, nayi nkhani ya yanga patapita miyezi yambiri ndikuigwira pafupifupi tsiku lililonse, mu situdiyo komanso kokasangalatsa anthu. Ndi Novation Launch Control XL, ija ya MK2. M'bale wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg chifukwa kuno zida ngati izi kuzipeza m'shopu ndi mwayi, ndipo ndi mavuto a forex omwewa kuyitanitsa pa intaneti ndi nkhani ina yayitali. Sindinaigulitse ndipo sindikuganizako n'komwe zoigulitsa.

Kwa amene simunaionepo, ili ndi ma knob 24 m'mizere itatu, eyiti pa mzere uliwonse, pansi pake pali ma feda 8 a 60mm (aja okankhira m'mwamba ndi pansi pokweza kapena kutsitsa voliyumu), kenako mabatani 16 oyaka m'mizere iwiri. Payokha siilira, mulibe saundi mkatimo, imangotumiza MIDI (mauthenga ouza pulogalamu chochita) ku laputopu kudzera pa USB ndipo moto imatenganso pa USB pomwepo, palibe za adaputa. Ichi chokha kwathu kuno ndi chachikulu, magetsi akathima laputopu ikakhala pa batire kontrola imayakabe, ndimangovala mahedifoni n'kupitiliza biti.

Chimene ndaona m'miyezi yonseyi ndi chakuti ma knob ambiri si amene amathandiza. Chimathandiza ndi knob iliyonse kukhala ndi ntchito imodzi yomwe siisintha, lero, mawa, nyimbo ina iliyonse. Mu FL kulumikiza knob ndi kosavuta mpaka kumanyengerera, right click pa chinthu, Link to controller, kupotokola, basi zatheka, mu Ableton ndi Ctrl+M, kudina chinthucho n'kupotokola. Ndiye munthu ukagula kumene umafuna pulojekiti iliyonse uzilumikiza zatsopano, lero knob yoyamba ndi reverb, mawa ndi pitch, pakutha pa sabata sukudziwanso chili pati, ukuyang'ananso pa sikirini ndi mawusi m'manja, kontrola ili phee pambali ikutola fumbi. Anzanga awiri atatu amene anagula makontrola n'kuwasiya, ukawafunsa bwinobwino nkhani yake imakhala yomweyi.

Ine ndinapanga template imodzi, pulojekiti yokonzeratu yomwe ma knob ake ndi olumikiza kale, ndipo biti iliyonse imayambira pamenepo. Kuchokera kumanzere: kiki, kenako ma clap ndi shaker, log drum, bass, piyano, ma pad, mawu a woimba, ndipo ya nambala 8 ndi master, voliyumu ya nyimbo yonse. Mzere wapamwamba wa ma knob ndi reverb (kumveka ngati muli mu holo), wapakati delay (kubwereza kwa mawu), wapansi filita (yodula mbali ina ya saundi). Ndinamata masking tepi n'kulembapo ndi maka. Pano zolemba zija zinafufutika ndi thukuta ndipo sindinalembenso chifukwa dzanja likudziwa lokha, monga dalaivala wa minibasi sayang'ana giya akamasintha. Ndikafuna delay pa mawu dzanja limangopita pa knob yachiseveni mzere wapakati maso ali kwina, ndipo apa ndi pamene ndimamva kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Za master zija ndifotokoze, chifukwa ena zidzakudabwitsani. Launch Control XL ili ndi ma feda 8 okha, ya master palibe. Akai MIDImix ili ndi 9, yachinayini ndi master, kungoti ma feda ake ndi aafupi kwambiri. Ine ndinasankha ma feda aatali n'kupereka tchanelo imodzi kuti ikhale master, ndipo pa ukwati kapena chinkhoswe feda imeneyi ndiyomwe imagwira ntchito kuposa zonse, MC akangogwira maiki nthawi ya perekaniperekani umatsitsa pang'onopang'ono, akamaliza kuitana a kuchimuna umakwezanso, osati kudula nyimbo mwadzidzidzi ngati wina wapunthwa pa waya. Mabatani a play ndi stop ngati a pa Korg nanoKONTROL2 palibenso, ndimangogunda spacebar, sizinandivutepo.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi mtundu wa ma knob. Awa ndi ma pot, ali ndi poyambira ndi pothera, ukapotokola mpaka kumanzere ndi 0, mpaka kumanja ndi 127. Ena monga a pa Midi Fighter Twister ya DJ TechTools ndi ma encoder, amangozungulira osatha, ndipo timagetsi tozungulira knob ndi timene timakuuza pomwe uli. Kusiyana kumeneku pogula kumaoneka ngati kwakung'ono koma ndi kumene umakhala nako tsiku lililonse. Vuto la pot ndi ili: dzulo unasiya knob ya filita ili pa 30, lero watsegula nyimbo ina momwe filita yomweyo inasevedwa pa 110, ukangoikhudza knob ija saundi imadumpha kuchoka pa 110 kugwera pa 30 nthawi imodzi, piyano yonse mbuu ngati yalowa m'madzi. Mu situdiyo umangopanga undo. Pagulu aliyense wamva.

Mankhwala ake alipo. Mu MIDI settings za FL muli Pickup, mu Ableton muli Takeover Mode yokhala ndi None, Pickup ndi Value Scaling. Ukaika Pickup, knob siichita kanthu mpaka itafika pa nambala yomwe ili mu kompyuta, ndiye palibe kudumpha. Koma Pickup nayonso ili ndi khalidwe lake, ukupotokola palibe chikusintha, mtima uli m'mwamba chifukwa drop ikubwera, kenako mwadzidzidzi yagwira. Value Scaling imayamba kusuntha nthawi yomweyo n'kumayandikira mpaka ziwirizo zikumane, pa siteji ndimakonda imeneyi. Koma chimene chinathetseratu nkhaniyi kwa ine si setting ayi, ndi chizolowezi. Nyimbo iliyonse ndimaiseva ma reverb ndi ma delay ali pa 0, mafilita ali pamalo awo opumira, ndipo ndisanatsegule ina ndimabweza ma knob onse pomwepo ndi manja. Zimatenga kamphindi kochepa basi, ndipo zomwe zili pa tebulo zimafanana ndi zomwe zili mu kompyuta.

Ndipo apa pot imapambana encoder, mwa kuona kwanga. Ndikangoponya diso pa kontrola ndikuona mix yonse, knob iti yatseguka, feda iti ili pansi, osayang'ana sikirini. Dzanja limamvanso pothera, ndikafuna kutseka delay msanga ndimangopotokola mpaka igunde, ndikudziwa kuti yatsekeka ngakhale mu holo muli mdima.

Ma knob onse 24 ali ndi kapogwira pakati, ukafika theka umamva kuti kwe. Pa pan, yosunthira saundi ku sipika ya kumanzere kapena kumanja, ndi zabwino kwambiri. Pa filita ija ya ma DJ, yomwe kumanzere imadula zam'mwamba ndipo kumanja imadula bass, ndi zabwino koposa chifukwa pakati ndi pamene saundi ili yonse, ndiye mzere wanga wapansi ndinaupanga choncho dala. Koma pa reverb ndi delay kapogwirako kamasokoneza, ukukweza mofatsa ndiye chala chikukodwa pakati. Ndinasintha range ya ma knob a reverb ndi delay mu kompyuta kuti zambiri ndizichitira mu theka loyamba, ndikadutsa pa kwe paja ndiye kuti ndikufuna dala kuti mawu amire mu reverb.

China choti mudziwe, ndipo ichi si cha kontrola iyi yokha. MIDI inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo uthenga wa CC womwe knob imatumiza uli ndi masitepe 128 okha. Pa voliyumu kapena reverb simungamve kanthu. Koma mukakweza resonance (kuthwa kwa filita) kwambiri n'kumatsegula filita pang'onopang'ono pa pad, khutu labwino limamva timasitepe, saundi ikukwera ngati makwerero m'malo moyenda myaa. Mu FL, pa windo lomwe limatuluka polumikiza knob pali Smoothing, yatsani imeneyo pa mafilita, koma musaike yambiri chifukwa saundi imayamba kutsalira m'mbuyo mwa dzanja.

Kumene yandisinthira nyimbo kwenikweni ndi pa log drum. Ambiri a ife opanga amapiano timaipanga ndi Fruity DX10, plugin ya mu FL, monga anachitira a ku South Africa, ndipo kale automation, kusintha kwa saundi nyimbo ili mkati, ndinkaijambula ndi mawusi, mizere yowongoka bwinobwino, koma ikamalira imamveka youma. Pano ndimadina record n'kumasewera ndi filita ya log drum ndi dzanja limodzi, lina lili pa delay ya ma clap, zinthu ziwiri nthawi imodzi zomwe mawusi sangachite ngakhale utalimbikira bwanji. Zimatuluka zokhotakhota, pena dzanja lachedwa pang'ono, pena lapitilira, ndipo kukhota kumeneko ndi komwe kumapangitsa biti kupuma. Nthawi zambiri sindikonza, ndimangochotsa pomwe zalakwika moonekeratu. Woimba wina wa gospel amene ndimamujambula anayamba kupempha kuti azipotokola yekha reverb ya mawu ake tikamamvetsera, ndipo tsopano sitikanganakonso za kuchuluka kwake, amandisonyeza ndi dzanja zomwe pakamwa zimamukanika kufotokoza.

Kulimba kwake, mpaka pano palibe knob yagwedera kapena feda yomwe yayamba kudumpha manambala, ngakhale yayenda mu chikwama pa minibasi ndi pa kabaza. Ndi pulasitiki, yopepuka, ndiye ndimaikulunga mu chitenje ndisanaiike m'chikwama, ndipo chitenje chomwecho chimaiphimba ikakhala pa tebulo. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa m'mipata ya ma feda, ndimalichotsa ndi kaburashi kofewa kouma, osathira mafuta kapena mankhwala aliwonse. Chimene chinandigwetsapo ulesi ndi kebulo yotchipa ya USB yomwe ndinagula pa msika, inaduka mkati tili pakati pa phwando, magetsi a kontrola zii, nyimbo ikupitilira koma ma knob onse akufa. Pano ndimayenda ndi makebulo awiri abwino, ndipo ndimamata kebuloyo pa tebulo ndi tepi chifukwa pa ukwati sipalephera mwana kapena wovina wokoka waya.

Anzathu a kiyibodi ku tchalitchi amandifunsa ngati angailumikize molunjika ku Yamaha kapena Korg yawo kuti azisintha saundi ndi ma knob. Pa MK2 iyi pali USB yokha, dzenje la MIDI la mapini 5 palibe, ndiye pakati pafunika laputopu kapena kabokosi ka USB host. Ngati cholinga chanu ndi chimenecho ganizani kawiri musanatume munthu.

Mu 2025 Novation inatulutsa Launch Control XL 3, yomwe ili ndi ma encoder osatha m'malo mwa ma pot, kasikirini kakang'ono komanso MIDI ya mapini 5. Amene mumadumphadumpha pa ma pulojekiti khumi pa tsiku, kapena mukufuna knob imodzi izigwira ma plugin osiyanasiyana, encoder ikuthandizani chifukwa nkhani ya kudumpha kwa saundi ija imatha, ndipo Twister nayo ili ndi ma encoder 16 m'mabanki anayi ngati ma feda simukuwafuna. Ine template yanga ndi imodzi, ntchito yanga yambiri ndi ya pagulu, ndipo ndimafuna kumva knob ikugunda pothera, ndiye ndikhala kaye ndi MK2. Mukapeza yogwiritsidwa kale ntchito, musanapereke ndalama ilumikizeni ku laputopu, potokolani knob iliyonse ndi feda iliyonse pang'onopang'ono kuchoka pa 0 mpaka 127 mukuyang'ana pa sikirini, yomwe ikudumpha manambala kapena kunjenjemera musanaikhudze ndiye kuti yatha mkati.