FreeTaxUSA pofuna ndalama za stimulus zomwe sizinafike: masamu ilibe nawo vuto, koma imakhulupirira zilizonse mwailembera

Ndemanga iyi ndi ya anzathu okhala ku America amene ndalama za nthawi ya mliri wa COVID-19 zinawadutsa, zija boma linagawa katatu mu 2020 ndi 2021. Pa makalata a IRS, bungwe lotolera msonkho la boma la America, zimatchedwa Economic Impact Payment, koma aliyense ankangoti stimulus. Amene sanalandire, kapena analandira zoperewera, ankazipeza kudzera pa fomu ya msonkho ya 1040, mzere 30, pamene palembedwa Recovery Rebate Credit. Nthawi yofunsira ndalamazi inatha kale, monga ndifotokozere kumapeto. Pa ntchito imeneyi FreeTaxUSA, pulogalamu ya pa intaneti yodzazira mafomu a msonkho, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Fomu ya federal, ya boma lalikulu, ndi yaulere ngakhale ya zaka zam'mbuyo, mafunso ake ndi a Chingerezi chosavuta, ndipo masamu sikulakwitsa. Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa pulogalamuyi siona zimene zili m'mabuku a IRS. Mukaiuza kuti simunalandire kanthu, imavomera, n'kukuonetsani refund (ndalama zomwe IRS imakubwezerani) yaikulu yosangalatsa maso.

Choyamba ndi kudziwa chaka choyenera, chifukwa ambiri anasochera pomwepa. Ndalama zoyamba, $1,200 munthu wamkulu ndi $500 mwana wosakwana zaka 17, zinayamba kutuluka mu April 2020. Zachiwiri, $600 wamkulu ndi $600 mwana, zinatuluka kumapeto kwa December 2020 ndi mu January 2021. Zonse ziwirizi zimafunsidwa pa fomu ya 2020, ngakhale zachiwirizo zinafika mu 2021. Zachitatu, $1,400 munthu aliyense kuphatikizapo amene mumawasamalira a msinkhu uliwonse, zinayamba mu March 2021 ndipo malo ake ndi fomu ya 2021 yokha. Pulogalamuyi imasiyanitsa bwino zaka: mukatsegula fomu ya 2021 sikufunsani za $1,200 kapena $600. Amene anasowa zonse zitatu ankayenera kudzaza mafomu awiri osiyana.

Chimene imachita bwino kwenikweni ndi kupeza ndalama zimene mwini wake sankadziwa kuti ndi zake. IRS inkatumiza stimulus potengera fomu yakale yomwe inali nayo, ya 2018, 2019 kapena 2020, pamene lamulo limayang'ana mmene zinthu zinalili m'chaka chenichenicho. Banja limene linabereka mwana mu 2021 linalandira $2,800 ya akulu awiri. Mukalowetsa dzina la mwanayo ndi nambala yake ya Social Security, mzere 30 umaonetsa $1,400 wokha popanda kupempha. Mwana wobadwa mu 2020 amabweretsa $1,100. Wophunzira amene makolo ake anamulemba pa fomu yawo ya 2019 koma mu 2020 ankadzisamalira yekha amapeza $1,800. Chimodzimodzi amene malipiro awo anatsika ntchito itatha. Malire a ndalama zopeza pa chaka anali $75,000 kwa munthu mmodzi, $112,500 kwa mutu wa banja wopanda mnzake, ndi $150,000 kwa okwatirana olemba fomu imodzi. Pa ndalama za 2020, $100 iliyonse yopitirira malirewo inkadula $5. Za 2021 zinkatha msanga: pofika $80,000, $120,000 kapena $160,000 palibe chotsala, moti munthu mmodzi wopeza $77,500 amayenera $700 basi. Zonsezi pulogalamu imawerengera yokha, ndipo mukhoza kutsegula PDF ya fomuyo musanatumize kuti muone mzere 30 ndi maso anu.

Tsono pali funso limodzi lomwe lagwetsa anthu ochuluka: munalandira zingati? Bokosi lake ndi laling'ono, losaoneka ngati la phindu, ndipo munthu amangolemba zimene akukumbukira. Musadalire mutu. IRS inatumiza Notice 1444 ya ndalama zoyamba, 1444-B ya zachiwiri, 1444-C ya zachitatu, kenako Letter 6475 kumayambiriro kwa 2022 yophatikiza zonse za gawo lachitatu. Makalatawo akasowa, ziwerengero zili mu akaunti yanu ya pa IRS.gov, pansi pa Tax Records. Kulowa mu akauntiyo kumafuna kudzitsimikizira kudzera pa ID.me ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi. N'kotopetsa, koma sikofunika kukudumpha.

Okwatirana ndiye amapunthwa kwambiri. Letter 6475 inkabwera kwa aliyense payekha, ikuonetsa theka. Banja la ana awiri lomwe linalandira $5,600 linali ndi makalata awiri a $2,800 iliyonse. Bambo akatenga kalata yawo yokha n'kulemba $2,800, pulogalamu imaganiza kuti $2,800 ina sinafike n'kuiika pa refund. Ena ankaiwala ndalama zowonjezera zomwe IRS inkatcha plus-up, zija zinkabwera pambuyo pake mu 2021 fomu ya 2020 itawerengedwa. Enanso stimulus yawo inabwera ngati khadi ya Visa mu envelopu yoyera yosaoneka ngati ya boma, ena anaitaya poyesa kuti ndi zotsatsa malonda. Kwa IRS, ndalama zimenezo zinaperekedwa.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe pulogalamuyi imazitchula mongodutsa. Ngati IRS sinatumize konse, mzere 30 unali wanu nthawi isanathe. Ngati mabuku awo akuonetsa kuti anatumiza koma inu simunazione, mzere 30 pawokha sukuthandizani. Chofunika ndi kupempha kuti azilondole, podzaza Form 3911 kapena kuwaimbira foni. Cheke cha pa positi ankati mudikire milungu 4 musanapemphe, ndipo amene adiresi yawo ili kunja kwa America, monga nzika za kumeneko zokhala ku Lilongwe kapena ku Lusaka, milungu 9. Kulemba ziro m'bokosi muja chifukwa choti ndalama sizinafike m'manja mwanu kumangochedwetsa zinthu.

Chiwerengero chikasemphana ndi cha IRS, fomu siikanidwa. Imachotsedwa pamzere wa makina n'kudikira kuti munthu aione, ndipo refund yonse imaima, kuphatikizapo ndalama za msonkho wanu wa kuntchito zomwe zinalibe vuto. Pambuyo pake mumalandira kalata, kawirikawiri CP11 kapena CP12, yonena kuti akonza masamu. Muli ndi masiku 60 otsutsa ngati mukuona kuti alakwitsa ndi iwo. Pa vuto lotere musathamangire kudzaza 1040-X, fomu yokonzera imene munatumiza kale. Akonza kale, ndipo fomu yachiwiri imangosokoneza. 1040-X inali ya amene anasiya mzere 30 wopanda kanthu pamene ankayenera kulandira. FreeTaxUSA imakonza fomu yotereyi, koma molipira pokhapokha mutagula Deluxe, mtundu wolipira wa pulogalamuyi. Kumbukiraninso kuti ndalamazi zikalowa mu refund zimatha kudulidwa ngongole zina, monga za chisamaliro cha ana zomwe khoti linalamula.

Nkhani yomwe imatikhudza ife obwera kwambiri ndi ya mapepala. Pankafunika nambala ya Social Security, ndipo pa ndalama za fomu ya 2020 inkayenera kukhala yololedwa kugwirira ntchito. Wa ITIN yekha, nambala ya msonkho ya amene alibe Social Security, salandira. Poyamba banja lolemba fomu imodzi, mmodzi akakhala wa ITIN, onse ankamanidwa, koma lamulo la December 2020 linasintha zimenezi mobwerera m'mbuyo, moti mnzake wa Social Security ankatha kufunsa $1,200 yake pa fomu ya 2020. Pa gawo lachitatu, mwana wokhala ndi Social Security ankabweretsa $1,400 ngakhale makolo onse awiri ali a ITIN. Pulogalamuyi imagwira bwino malamulowa mukayankha moona za nambala ya munthu aliyense.

Pamene siingakuthandizeni ndi kwa ophunzira. Wa visa ya F-1 m'zaka zisanu zoyambirira za pa kalendala nthawi zambiri amatengedwa ngati nonresident, mlendo wosakhazikika m'dzikolo, pa msonkho, ngakhale ali ndi Social Security ndipo akugwira ntchito pa sukulu. Fomu yake ndi 1040-NR pamodzi ndi 8843, ndipo stimulus siimukhudza. FreeTaxUSA yapangidwira fomu ya 1040, monganso TurboTax, ndiye wophunzira amene wangoilowa chifukwa mnzake wa green card anamuuza kuti ndi yaulere amatulukamo ndi fomu yolakwika yokhala ndi $1,400 yosakhala yake. Kukonza kwake ndi 1040-X, 1040-NR ndi kubweza ndalamazo. Otere apite pa Sprintax, pulogalamu yodzazira 1040-NR, kapena ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa sukulu yawo. Zaka zisanu zija zimawerengedwa mwa kalendala: wofika mu August 2016, chaka chimenecho n'choyamba kale, ndipo mu 2021 akhoza kukhala resident.

Za katumizidwe. Amene anadzaza m'nyengo yake ankatumiza pa intaneti, ndipo chokanitsa chachikulu chinali AGI, chiwerengero cha ndalama zopeza cha pa fomu ya chaka chapitacho, yomwe IRS imagwiritsa ntchito ngati siginecha. Amene analembetsa pa Non-Filers tool, tsamba la IRS la anthu osadzaza fomu ya msonkho, ankayenera kulemba $1, ndipo amene fomu yawo yakale inali isanawerengedwe ankalemba $0. Ochedwa ndi zaka ankasindikiza n'kutumiza pa positi. Pulogalamu imatulutsa tsamba la malangizo lokhala ndi adiresi, yomwe imasiyana malinga ndi state yanu. Sainani ndi cholembera, nonse awiri ngati ndi fomu ya banja, phatikizani W-2 (pepala la malipiro lochokera kuntchito), chaka chilichonse mu envelopu yakeyake, ndipo tumizani ndi certified mail kuti mukhale ndi lisiti ya tsiku. W-2 ikatayika, wage and income transcript ya mu akaunti ya IRS imaonetsa ziwerengero za federal. Fomu ya state ndi yolipira, ndipo ilibe gawo pa stimulus.

Lisiti ija ndi yofunika chifukwa nthawi inatha. Refund imafunsidwa pasanathe zaka zitatu: fomu ya 2020 inatsekedwa pa 17 May 2024, ya 2021 pa 15 April 2025. Amene sanatumizepo fomu pofika masikuwa, pulogalamu iwalolabe kudzaza ndipo ionetsa chiwerengero pa mzere 30, koma IRS siilipira. Amene anatumiza nthawi isanathe ndipo akudikirabe, umboni wawo ndi chidindo cha positi. Mu December 2024 IRS inalengeza kuti itumiza yokha ndalama pafupifupi $2.4 biliyoni kwa anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anatumiza fomu ya 2021 koma anasiya mzere 30 wopanda kanthu kapena analemba ziro. Izi zinkafika pofika kumapeto kwa January 2025, ku akaunti ya ku banki ya pa fomu ya 2023 kapena ku adiresi yomwe IRS inali nayo. Ngati munasamuka kapena kutseka akaunti nthawi imeneyo, onani mu Tax Records, ndipo zikaoneka kuti zinatumizidwa, njira ndi Form 3911 yomwe ija. Mauthenga a pa foni onena kuti dinani apa mulandire $1,400 ndi a akuba. IRS sipempha nambala za ku banki kudzera pa meseji.