Envulopu ya kalata yopempha thandizo: khaki, yoyera kapena ya zenera?

Makomiti a sukulu za mkombaphala, magulu a mpingo ndi mabungwe a m'midzi kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amatha sabata yathunthu akukonza mawu a kalata yopempha thandizo, koma envulopu amangogula iliyonse yomwe apeza pa golosale tsiku lotumiza. Chonsecho pa desiki ya mlembi wa ku esiteti ya tiyi, envulopu ndiyo imachititsa kuti kalata ifike kwa bwana kapena iunjikidwe pamodzi ndi makalata ofunsira ntchito.

Masaizi odziwika otumizira kalata yotere omwe mungapeze m'masitolo ogulitsa mapepala ndi atatu. DL ndi ya mamilimita 110 ndi 220, ndipo pepala la A4 limalowamo mutalipinda zigawo zitatu. C5 ndi ya 162 ndi 229, pepala mumalipinda kamodzi pakati. C4 ndi ya 229 ndi 324, pepala limalowa losapinda. DL ndi yotsika mtengo ndipo imakwanira kalata ya tsamba limodzi kapena awiri. Mukangowonjezera fomu ya lonjezo ndi chithunzi imafufuma, pakamwa pake sipatsekeka bwino, ndipo mzere wopindira wam'munsi umakonda kudutsa pomwe pali siginecha ya wapampando ndi chidindo. C4 isungireni pulopozo yokhala ndi bajeti, makotesheni ndi kalata ya umboni yochokera ku khonsolo. Pa kalata wamba ndi yaikulu mopyola, moti wakabaza adzaipinda yekha kuti ikwane m'jekete. C5 ndiyo yabwino pa makalata ambiri opempha thandizo: mzere wopindira ndi umodzi, malo a fomu alipo, ndipo imaoneka yosiyana ndi zina pa mulu.

Pa nkhani ya mtundu anthu amasiyana maganizo. Khaki ndi yolimba, sioonetsa zam'kati, ndipo dothi lofiira la ku Thyolo silioneka kwambiri ikagwidwa ndi manja ambiri. Vuto lake ndi lakuti ndi yomwe aliyense wofuna ntchito amanyamula, choncho ku kampani ikhoza kuikidwa pa mulu wolakwika osatsegulidwa n'komwe. Yoyera imaoneka yaulemu, koma yopyapyala imaonetsa zolemba. Musanagule bokosi lonse, ikanimo kalata ndi kuiyang'ana pa dzuwa. Ngati nambala ya akaunti ikuwerengeka, funsani ya pepala lokhuthala la 90 kapena 100 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), kapena yokhala ndi timizere m'kati. Ya zenera, ija ya kapulasitiki koonetsa adiresi yolembedwa pa kalata, imapulumutsa nthawi yolemba maadiresi, komatu imafanana ndi bilu, ndipo munthu sathamangira kutsegula bilu. Kalata ikangosuntha m'kati, theka la dzina limabisika. Pa ntchito yopempha ife sitiilimbikitsa.

Guluu ndi pomwe nyengo yathu imavutitsa. Maenvulopu onyambita, aja a guluu wouma, amayamwa chinyezi cha chiperoni ndi cha dzinja, ndipo bokosi losiyidwa pa shelefu ku Chitakale kapena ku Bvumbwe mumalipeza atamatana okhaokha. Aja omatula kapepala ndi okwererapo mtengo koma sachita zimenezi. Ngati mwagula kale onyambita, asungeni m'jumbo yomanga bwino kapena m'ndowa ya chivindikiro, osati pansi pa simenti. Musatseke envulopu ndi sitepulo, chifukwa potsegula imang'amba kalata yomwe.

Dzina la bungwe lingaikidwe m'njira zitatu. Kukasindikizitsa ku Limbe kapena ku Blantyre kumatulutsa zokongola, koma mtengo umatsika pokhapokha mukaitanitsa ambiri, ndiye bokosi la positi kapena nambala ya foni ikasintha, onse otsala atayika. Kusindikiza pa makina a pa boma kumathandiza mukafuna ochepa, bola mufunse mtundu wa makinawo. Inki ya inkjet imasungunuka ikadonthedwa ndi mvula. Ya laser sisungunuka, koma kutentha kwa makinawo kumatha kumata envulopu yonyambita isanalowe kalata, ndiponso kumakwinya pulasitiki ya zenera. Yesani imodzi kaye. Njira yachitatu ndi chidindo cha labala chokhala ndi dzina, bokosi la positi, foni ndi nambala ya kalembera, kaya ya ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, kapena ya ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Dindani envulopu ili yopanda kanthu, pa tebulo losalala, muiyale iume musanaunjike. Kwa bungwe lotumiza makalata ochepa, chidindo sichidya ndalama zambiri, ndipo anthu kuno amachikhulupirira.

Chidindocho chikhale kumtunda chakumanzere. Ngodya yakumanja ndi ya sitampa, musaikepo kanthu. Pakati lembani dzina la munthu ndi udindo wake, pamanja, ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu. Kalata yongolembedwa kuti "Kwa Akufuna Kwabwino" ilibe mwini, ndipo palibe amene amaona kuti ndi udindo wake kuiyankha. Imbani kaye foni mufunse dzina ndi kalembedwe kake. Ena amawonjezera mzere umodzi wokopa kumunsi. Kwa anthu akwathu omwe ali m'tauni, mawu ngati "Njerwa taotcha kale, tatsala ndi malata" amagwira mtima chifukwa akuonetsa kuti mudziwo wachitapo mbali yake. Ku kampani mzerewu ndi wosafunika. Zithunzi za nkhope za ana amasiye pa envulopu ayi ndithu: envulopu imadutsa m'manja ambiri, ndipo mwanayo ali ndi ulemu wake.

Nanga kaenvulopu koyankhira? C6, ya 114 ndi 162, imalowa mu C5 osapinda, koma mu DL simalowa chifukwa 114 yaposa 110. Ntchito yake ikhale yobwezera fomu ya lonjezo kapena silipi ya ku banki, osati ndalama zenizeni kudzera pa positi. Nambala za Airtel Money, Mpamba ndi akaunti zikhale m'kalata, m'dzina la bungwe, osati la msungichuma. Pa Paper Sunday, pomwe maenvulopu amagawidwa pamanja, lembani nambala pa iliyonse, muilembenso m'hadikava pamodzi ndi dzina la wotenga, ndipo itsegulidwe pamaso pa anthu osachepera awiri.

Ku positi amalipiritsa potengera kulemera, ndipo pepala limodzi la A4 la 80 gsm limalemera pafupifupi magalamu 5. Konzani envulopu imodzi yathunthu, kalata, fomu ndi C6 zili m'kati, mukaipimitse ku positi ofesi ya pa boma kapena ya ku Luchenza musanagule masitampa a zonse. Za ku maesiteti oyandikana nanu kaperekeni pamanja, ndipo wolandira asaine m'buku ndi kulemba tsiku.