Sukulu ya maboti a matanga ku Vaal Dam ndiyabwino zedi

Abale anga kuno ku Johannesburg amene mukufuna ntchito ya m'maboti ku Cape Town kapena Durban, yambirani ku Deneysville pa Vaal Dam, kuli sukulu ina yophunzitsadi zenizeni. Aphunzitsi ake ndi bambo odekha, akangoona mtambo wakuda wa chimvula cha masana chija amati chepetsani matanga pompano mphepo isanafike osadikira boti lipendekeke kaye, ndipo laifu jaketi aliyense avale palibe zokambirana. Chimphepo chitatipeza anatiuza timasule chingwe cha matanga, boti nkudzuka lokha madzi atafika kale m'mphepete. Ife odziwa mwera wa kunyanja kwathu tinamva msanga. Chovuta ndi thiransipoti basi, popanda galimoto kufikako nkovuta, mtengonso ndi wokwererako.