Miyala ya konkire yakale yomwe ikugulitsidwa ku Salima: ndi yabwino pa silabu ya pansi, pa nsanamira pafunika kusamala

Pamalo ena pafupi ndi Kamuzu Road pali anyamata omwe amatola zigumuka za nyumba zogwetsedwa, kuziphwanya ndi nyundo n'kumagulitsa pa wilibala. Mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi miyala ya kwale, makamaka chifukwa simulipira lole yochokera kutali. Amaphwanya bwino, miyala yambiri imakhala ya mamilimita 20. Vuto lawo ndi kusankha: mu mulu umodzi mumapezeka zidutswa za njerwa zootcha, pulasitala ndi dothi.

Tengani mwala umodzi muuone pafupi. Mudzaona simenti yakale yotuwa itamatirira m'mbali, ndipo mukaikanda ndi msomali imayoyoka. Chigamba chimenechi chili ndi timabowo tambiri, n'chifukwa chake miyala imeneyi imamwa madzi kwambiri: kwale wabwino safika pa 2 peresenti, pamene iyi imafika pa 5 kapena kupitirira. Mukaithira youma m'chisakanizo, imalanda madzi a simenti, konkire n'kulimba isanafike m'matabwa othiramo. Mmisiri akaona choncho amathiramo ndowa ina ya madzi, ndipo mphamvu ya konkire imathera pomwepo. Ndi dzuwa la kuno la mu Okutobala, zimangoipiraipira.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Pimani makilogalamu 10 a miyala youma bwino, iviikeni maola 24, ipukuteni ndi thumba, muipimenso. Ikawonjezera magalamu 500, ndiye kuti ikumwa 5 peresenti. Usiku woti mawa lake muthira konkire, inyowetseni ndipo muisiye ikhe madzi. Muisefenso, zonse zochepera mamilimita 5 zitayidwe, popeza fumbi limenelo ndi simenti yakufa. Njerwa zofiira muzitole ndi manja, musanyengerere.

Pa khonde, pa ngalande ndi pa silabu ya pansi, chisakanizo cha 1:2:4 (muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala) chimagwira ntchito ndi miyala imeneyi popanda nkhawa. Pa nsanamira, lintala ndi silabu ya m'mwamba nkhani ndi ina. Muyezo wa ku Britain wa BS 8500 umalola kuti miyala yakale yosankhidwa bwino ikhale 20 peresenti ya miyala yonse, ndiko kuti wilibala imodzi pa zisanu zilizonse. Mukaika yakale yokhayokha, konkire imafooka, imafota kwambiri pouma, ndipo chinyezi chimafika msanga pa zitsulo n'kuzidyetsa dzimbiri. Gwiritsani simenti ya 42.5 (nambala ya mphamvu yolembedwa pa thumba), muumbe makyubu a konkire oyesera mphamvu a mamilimita 150 akaswedwe ku labu pa masiku 7 ndi 28, ndipo injiniya avomereze musanathire.

Ogulitsawa salemba komwe zigumukazo zachokera, ndiye funsani. Za pa mlatho kapena pa nsanamira ndi zabwino. Za pa silabu ya chimbudzi yomwe inathiridwa simenti yongopemerera zisiyeni, ngakhale atakuchotserani mtengo.