Torque wrench yotchipa yomwe ndinagula tayala la thirela litandithawa pa N1

Ndayenda nayo maulendo awiri tsopano, Joni mpaka Blantyre nkubwerera, nde ndikuona kuti ndingathe kunenapo kanthu osanama. Ndi torque wrench ija yolira "thwa" nati ikafika pomwe mwaitchera, ya half inch, imayambira 28 kulekeza 210 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), inabwera m'kabokosi ka pulasitiki ndi masoketi atatu, 17, 19 ndi 21, komanso ka extension kamodzi. Ndinagula mu shopu ina yazitsulo chakumwera kwa tauni kuno, ndalama sinafike R1000. Dzina lomwe linalembedwa pachogwirira ngakhale nditalitchula simungalidziwe, ndi zija amapanga fakitale imodzi nkumangosintha sitika.

Koma ndiyambe ndi chomwe chinandigulitsa, chifukwa ineyo kale ukandiuza za torque wrench ndimkaseka, ndimkati zimenezo ndi za azungu okoka ma caravan kupita ku Kruger, ife wilo sipanala ndi kapaipi basi, kupondapo ndi mwendo mpaka nati ilire.

Disembala wathayu ndinanyamuka ku Rosettenville cha m'ma 4 m'mawa ndi alamu anga, bakkie kutsogolo thirela kumbuyo, m'thirelamo firiji, matiresi awiri, mabulangete, zigubu za penti ndi katundu wa anthu yemwe amakupatsa akuti "ndi kajumbo kamodzi chabe achimwene" ukapita kukatenga upeza ndi chi China bag chosanyamulika. Sabata yomweyo ndinali nditapenta malimu a thirela, anali ndi dzimbiri ndiye ndinafuna ndikafike kumudzi zikuwala, penti ndinathira mowolowa manja kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kenako ndinapita pa shopu ina ya matayala kuti andiikire atsopano, mnyamata wa pamenepo anangotenga mfuti ya mphepo ija, trrr trrr trrr trrr, manati anayi mbali iyi anayi mbali inayo, mphindi ziwiri zatha, ndalipira ndanyamuka. Sindinagwirenso manati aja.

Titangodutsa toll ya Kranskop ndinamva ngati galimoto yakokedwa kumbuyo, kenako chiphokoso cha chitsulo pa tala. Alamu anayang'ana pa galasi la mbali yawo nkunena mofatsa ngati akufunsa nthawi, "Alamu, tayala likupita mu udzu ilo si lathu?" Linali lathu. Lakumanzere. Linagubuduka lokha mpaka kukaima pa waya wa famu ya munthu, mwamwayi silinapite mbali ya magalimoto, ndikaganiza kuti likanawoloka kupita kwa anthu ochokera ku Polokwane thupi limachita tsembwe mpaka lero. Titalitola, mabowo a limu sanalinso ozungulira, anali ataphwanyuka ngati dzira, masitadi (mabawuti omwe manati amamangidwapo) awiri odukiratu, awiri enawo mazinga atadyeka. Tinataya tsiku lathunthu pamenepo kusaka habu (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo), firiji ya eni inafika ku Chilomoni ili ndi chibowo pambali ndipo mwini wake mpaka pano amandipatsa moni wa theka.

Amene ananditsegula maso ndi abwana anga a kuntchito, mdala wina wachibunu yemwe ali ndi caravan ya Jurgens, amaikoka chaka ndi chaka. Nditawafotokozera sanadabwe nkomwe, funso lawo loyamba linali loti linali lakumanzere eti, lachiwiri loti ndinaimanso pati kuti ndione manati. Ndinati sindinaime. Anangopukusa mutu nkupita mu garaja kukatenga torque wrench yawo.

Zomwe anandilongosolera, ndipo nditazigwira ndi manja ndinaona kuti nzoona, ndi zoti nati sigwira tayala chifukwa choti "yalimba" ayi. Mukamamanga, sitadi ija imatamuka pang'ono kwambiri ngati sipuling'i, ndiye kufuna kubwerera kwakeko nkomwe kumapanikiza limu ku habu. Pakati pa limu ndi habu pakakhala penti, dzimbiri kapena mchenga, mukayenda makilomita ochepa zinthu zija zimaphwanyika nkuphwa, mpata umabadwa wochepa zedi woti simungauone ndi maso koma sitadi yabwerera kale, kupanikiza kuja kwatha. Limu imayamba kusewera, ikamasewera imadya mabowo, manati amayamba kuyenda okha. Penti yanga ija ndi imene inandipweteka. Mfuti ya mphepo nayo ili ndi mlandu wake, simudziwa kuti yamanga mphamvu yanji, nati ina imapyoletsa mpaka sitadi kutamukiratu osabwereranso, ina imasiya pakati. Ndipo vuto la thirela kapena caravan ndi loti zonsezi zikuchitika kumbuyo, tayala la galimoto likamagwedera mumamva pa sitelingi, la thirela simumva kanthu mpaka litatsanzika.

Za kumanzereko amene munagwirapo malole akale a ku Japan, ma Canter ndi anzake, mukudziwa kale, manati a mbali yakumanzere amamangira chobwerera ndipo pa sitadi pamakhala chilembo L. Anachita dala chifukwa mbali imeneyo kazunguliridwe ka tayala kamathandizira kumasula nati wamba ikangoyamba kugwedera. Thirela zathuzi zilibe zimenezo, mbali zonse manati ndi amodzimodzi. Onjezani kuti kumanzere ndi komwe kumaponda m'mphepete mwa msewu momwe tala anadyeka.

Tsopano chitsulocho pachokha. Kulemera kwake ndi kwabwino, sichikhala ngati chidole, kutalika kwake ndi pafupifupi mkono wanga kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya zala, nde pa manati a thirela simuchita kudzikakamiza. Mumatembenuza chogwirira mpaka mzere ufike pa nambala yomwe mukufuna kenako nkumanga kaloko kakumapeto. Thirela yanga ili ndi masitadi a M12 (okhuthala mamilimita 12) ndi malimu achitsulo, ine ndimatchera pa 100 Nm. Koma musangotengera ine, onani buku la thirela kapena caravan yanu, kapena funsani omwe anaipanga, chifukwa malimu a alloy (aja a aluminiyamu) kawirikawiri amafuna nambala yokwererapo komanso manati ake ndi ena, pansi pa nati pena pamakhala posongoka pena pozungulira ndipo mukasakaniza nati sikhala bwino m'bowo ngakhale torque wrench italira bwanji.

Ikafika pa nambala imalira "thwa" ndipo mumamva m'dzanja ngati yathyoka pang'ono. Pa 100 kulira kwake kumamveka bwino ngakhale pambali pakudutsa malole. Ndinayesa pa manambala otsika cha m'ma 30, kumeneko kulira nkofooka, munthu wosazolowera atha kupyola osadziwa, koma za matayala sizifika kumeneko nde ine sizikundikhudza. Tinaiyerekeza ndi ya abwana ija, yawo ndi yodula ya ku Germany, tinamanga nati ndi yanga kenako kuika yawo pa nambala yomweyo, inalira nati isanasunthe. Tinachitanso mosinthanitsa, chimodzimodzi. Si kuyeza kwa ku labu koma kwa ine kunandikwanira.

Zomwe sizinandisangalatse zilipo ndithu. Manambala anangowadinda pa chitsulo chonyezimira opanda utoto, masana mumachita kupendeketsa kuti muwerenge, usiku pa Beitbridge ndi tochi ya foni ndinatchera 110 ndikuganiza kuti ndi 100, ndinazindikira kutacha. Pano ndinapakapo marker yakuda nkupukuta kuti inki itsalire m'mizere, zikuonekako. Kaloko kakumapeto kaja kamamasuka kokha mukamagwira ntchito, muzikayang'ana nati iliyonse. Kabokosi kake mxii, chotsekera chinathyoka ulendo woyamba, pano ndimamanga ndi mphira ya chubu. Masoketi ndi okhuthala, pa limu yachitsulo alibe vuto koma pa alloy ya mnzanga wina wa ku Turffontein soketi inakana kulowa m'bowo, anachita kukagula yopyapyala payokha. Ndipo kapepala ka malangizo Chingerezi chake ngati anamasulira ndi makina, zofunika kwambiri sanalembemo, ndinaziphunzira kwa mdala uja: ikalira kamodzi siyani pomwepo osabwereza katatu "kuti zitsimikizike" chifukwa kubwereza kulikonse mukuonjezera, osamasulira manati ndi iyo, kumasula ndi ntchito ya wilo sipanala, ndipo mukamaliza bwezani chogwirira pa nambala yotsikitsitsa musanasunge apo ayi sipuling'i yam'kati imatopa nkuyamba kunama. Osaika paipi, osapondapo. Ndikudziwa dzanja limayabwa.

Ulendo wa Epulo ndi umene unandionetsa kuti ndalama ija sinapite pachabe. Ndisananyamuke ndinachotsa matayala onse awiri, kupala penti yonse kumbuyo kwa limu ndi m'mabowo ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo kuoneka, kupukuta masitadi, opanda girizi opanda oyilo, chifukwa nambala ija amawerengera mazinga ouma ndipo mukathira oyilo nati imaterera nkumanga kupyola pomwe chida chikunena. Manati kuyamba ndi zala, kenako kumanga modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, osati mozungulira ngati mukugawa nsima. Kutsitsa jeke, kumalizitsa ndi torque wrench. Zonse thwa thwa thwa.

Malangizo omwe opanga ma caravan ndi thirela amapereka ndi oti tayala likangochotsedwa nkubwezeredwa muonenso manati mukayenda makilomita pafupifupi 50. Kuchokera kuno ndiye kuti cha ku Pretoria, ine ndinaima pa filling station titangopitirira tauniyo. Alamu anayamba kudandaula kuti tangonyamuka kumene tikuimiranji, tikapeza mzere ku boda. Ndinawapatsa chidacho kuti ayese okha. Kumanja manati onse anayi analira osasuntha. Kumanzere awiri anayenda kaye pang'ono, mwina ngati kuchoka pa 12 koloko kufika pa 1, asanalire. Manati omwe ndinamanga ndekha bwinobwino m'mawa womwewo. Alamu anangoti "eeh" nkukhala chete mpaka ku Bela-Bela. Ndinaonanso ku Musina tisanalowe boda, ku Masvingo, ku Nyamapanda, ndi ku Tete titawoloka Zambezi, konseko palibe inasunthanso, ngakhale chigawo cha Changara ndi cha Moatize kupita ku Zobue chomwe chimagwedeza thirela mpaka mano kuwawa. Ulendo wonsewo ndi makilomita opitirira 1,700, kuima kulikonse sikunandidyere ngakhale mphindi 5.

Pa shopu yomwe ndinagula chidacho ndinagulanso timapulasitiki tachikasu tija mumationa pa matayala a mabasi ndi malole, tokhala ngati mivi. Mumativeka pa nati mutamanga kale, nsonga kuyang'anizana ziwiriziwiri, nati ikayenda muvi umaloza kwina nde mumaona mukungodutsa popita kukagula drink. Ndi tabwino koma onetsetsani saizi, ine ndinatenga ta 19 ndipo kamodzi kanali kokhwepa kanagwa tisanafike ku Louis Trichardt. Komanso sitimanga nati, timangokuuzani kuti yayenda. Amene mulibe, ngakhale kadontho ka Tipp-Ex kuchokera pa nati kufika pa limu kamagwira ntchito yomweyo. Chizindikiro china chaulere ndi timizere ta dzimbiri tochokera pa nati kupita kunja kwa limu, mukationa dziwani kuti limu yayamba kale kusewera.

Pali chimodzi chomwe chida ichi sichingakuthandizeni, ndi mabering'i. Tayala limathanso kuchoka ndi habu yake yomwe, manati onse ali chimangire, bering'i ikauma girizi nkupsa kapena kapini kogwira nati yaikulu yapakati kakathyoka. Nde poima paliponse ndimagwiranso habu ndi kuseri kwa dzanja, yofunda ndi bho, yotentha moti simungasiyepo dzanja ndiye kuti pali nkhani. Ndipo kunena zoona ambiri a ife vuto ndi kulongeza, thirela yopanda mabuleki malire ake kuno ndi 750 kg zonse pamodzi ndi thirelayo, ndi yomwenso laisensi ya code B imakulolani kukoka, kupyola apo ndi EB, koma zomwe timaona zikunyamuka ku Mayfair ndi ku Park Station mu Disembala katundu kutalika kuposa galimoto yokoka, masitadi anayi a M12 sanawapangire zimenezo. Ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, sindikuloza chala munthu.

Kwa makaniko yemwe amamanga manati tsiku lonse, iyi si yake, apeze yodula yokhala ndi pepala la calibration lotsimikiza kuti imayeza molondola. Kwa ife oyenda kumudzi kawiri katatu pachaka kapena okoka caravan pa holide, ndingaipatse 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha manambala osaoneka ndi kabokosi. Pano imakhala kuseri kwa mpando wa bakkie limodzi ndi jeke, ndipo ndikapita kosinthitsa matayala ndimamuuza mnyamata kuti mfuti yakoyo ungofikitsa manati pa limu, kumalizitsa ndimaliza ndekha. Amandiyang'ana ngati ndamunyoza. Alamu anabwereka chidacho sabata yatha akuti akupita ku Mangochi ndi thirela ya hayala, sanabwezebe.