Msonkhano wa alakatuli: zimene ndaonako

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikupita ku msonkhano wa alakatuli umene umachitika kawiri pamwezi, ndipo uli ndi magawo awiri: lophunzira kulemba ndi lolakatula pamaso pa anthu. Gawo loyambalo ndi limene landigwira mtima. Aliyense amabwera ndi ndakatulo imodzi, wina amaiwerenga mokweza, ndipo mwini wake saloledwa kuyankha kanthu mpaka anzake onse atapereka maganizo awo. Poyamba lamuloli linkandiwawa, koma nditamva mnzanga akupunthwa pa mzere umene ine ndinkauyesa wosalala, ndinazindikira kuti khutu la wina limagwira zimene diso la mlembi limadumpha. Wotsogolera anazunguliza ndi pensulo mawu atatu m'ndime yanga yachiwiri n'kundifunsa ntchito yake. Nditasowa yankho ndinawachotsa, ndipo ndimeyo inayamba kumveka bwino.

Tsiku lina tinayesa kulemba haiku, ndakatulo ya ku Japan ya mizere itatu yokhala ndi maphatikizo 5, 7 ndi 5, ndipo ambirife tinatuluka thukuta.

Gawo lolakatula ndilo likufunika kukonzedwa. Palibe amene amayang'anira nthawi, motero ena amatenga mphindi 15, pamene ongoyamba kumene, amene amalembetsa mayina awo mwamanyazi kumapeto, amalakatula anthu ambiri atapita kale. Chimkuzamawu nachonso chimalira mopokosera moti mvekero ndi chibwereza sizimveka. Ndipitabe pa 21 Malichi, tsiku la ndakatulo padziko lonse limene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linakhazikitsa mu 1999, koma ndidzalawirira kuti dzina langa likhale koyambirira.